Buku la ana lija latuluka, ndabwera kudzathokoza

Abale ndi alongo, buku lija mwakhala mukundifunsa kuti lituluka liti, latuluka. Makatoni afika kunyumba. Ndisanayambe kugawa ndati ndiyambe ndathokoza, chifukwa pachikuto palembedwa dzina langa lokha, pomwe manja amene agwira ntchitoyi ndi ambiri.

Kwa amene simundidziwa, ndine mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Chikwawa, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikulembera ana nkhani zopeka za maulendo a m'tchire. Nthano za Kalulu ndi Fisi tili nazo, ndipo ndimazikonda, koma m'nthanozo nyama zimalankhula, kufunsira mbeta ndi kuweruza milandu. Ine ndinkafuna nkhani zimene njovu ndi njovu basi, yonunkha ndowe, yoopsa ikakhala ndi mwana, ndipo amene akukumana nayo ndi mwana wa kwathu konkuno, wovala yunifolomu yong'ambika pamapewa. M'buku latsopanoli muli mtsikana Tadala ndi mlongo wake Chikumbutso, amene akulondola mwana wa njovu wosochera pa nthawi imene njovu zinkasamutsidwa.

Ambiri mukudziwa zimene zinatigwera m'mwezi wa Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anasesa chigawo cha kummwera, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ife tinapulumuka tonse m'nyumba mwathu, choncho za makope anga ndimazinena motsitsa mawu. Komabe madzi analowa usiku, ndipo makope onse amene ndinalembamo bukuli anali m'katoni pansi pa bedi. Titawatulutsa, masamba anali atamatana, inki itayenderera. Ndinakhala pansi n'kunena kuti basi, zatha.

Woyamba kumuthokoza ndi mayi wa ana anga. Pamene ine ndinataya mtima, iwo anayala mphasa padzuwa, n'kumalekanitsa masamba aja limodzilimodzi ndi kampeni kosendera mbatata, tsamba lililonse n'kuliika kamwala kuti lisauluke. Nthawi imeneyo ufa m'nyumba unali utanyowa, zofunda zili matope okhaokha, koma anapeza mpata wosamala mapepala a mwamuna wawo. Mayi, munapulumutsa mitu yoyambirira yonse. Ndilibe nawo mawu.

Mitu yapakati inapita ndithu. Apa ndi pamene ana anga a Sitandade 6 anandidabwitsa. Lachisanu lililonse ndinkawawerengera mutu umodzi tisanaweruke, osadziwa kuti ndikusungitsa chuma. Sukulu zitatsegulidwa ndinawauza za makope aja, ndipo iwo anayamba kundifotokozera nkhani yanga yomwe, uyu apa, uyu apo, mpaka kukangana. Mtsikana wina wofatsa, amene kawirikawiri sakweza dzanja m'kalasi, anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, Tadala sanathamange ayi. Anawaza dothi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, kenako anakabisala kuseri kwa chulu." Anakumbukira ngakhale chifukwa chake, kuti njovu siiona patali koma mphuno ndi makutu ake n'zakuthwa. Ana inu, theka la bukuli ndi lanu. Panopa ena mwa inu muli kusekondale, koma buku lanu lakusungirani.

Ndithokozenso agemu a ku nkhalango yosungirako nyama ya Majete, abambo ndi amayi amene amayenda m'tchire muja ife tili mtulo. Anandipirira ndi mafunso anga osatha. Anandiphunzitsa kudziwa ngati njovu zadutsa kumene kapena dzulo pophwanya ndowe ndi phazi n'kuona chinyezi chake. Anandionetsa mulu wa misampha ya waya imene anatola, ndipo mmodzi anandifotokozera mmene waya wotcherera gwape umadulira chitamba cha njovu. Mutu umenewo ndinaulemba movutika mtima, koma ndinaulemba.

Kwa iwo ndi kumene ndinamvetsa bwino mbiri ya malowa, imene ana athu ambiri saidziwa ngakhale amakhala pafupi ndi mpanda. Pofika 1992 ku Majete kunalibe njovu ngakhale imodzi, zonse zitaphedwa. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyang'anira malowa, ndipo chaka chomwecho zipembere zinabwerera. Njovu zinabwera mu 2006, mikango mu 2012. Kenako zinthu zinatembenuka: mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, kumene zinatsala zosakwana 100 pamalo pamene kale panali zoposa 1,500. Tangoganizani, Majete yemwe uja wopanda njovu, kufika popatsako anzake! Zimenezi ndizo zinabala bukuli. Njovu amazilasa mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, banja lonse pamodzi kuti mwana asasiyane ndi make. Ikagwa amaiphimba diso ndi khutu lake lomwe, kunsonga kwa chitamba n'kuikako kamtengo kuti ipume bwino, kenako makina amaikweza miyendo ili m'mwamba kukaiika m'galimoto. Ana ndikawawerengera pamenepa amati ndapeka. Sindinapeke ayi, dziko lathu lomwe lino linachita zimenezo.

Pali anthu ena amene sayembekezera kuthokozedwa m'buku la nyama, koma ndi amene aliwongola kwambiri. Ndikunena alimi a m'mphepete mwa Shire ndi m'midzi yoyandikana ndi nkhalango. Agogo ena aakazi, nditawauza zimene ndikulemba, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinagonapo m'chilindo usiku wonse, kuimba zitini kuti mvuu isalowe m'chimanga. Anandiuza za chaka chimene munda wawo wonse unatha usiku umodzi, ndi za mnzawo amene anagwidwa ndi ng'ona akutunga madzi. Agogo, mawu anu ndinawasunga. Mwa ine ndekha ndimaona kuti buku louza mwana kuti "konda nyama", osatchula njala imene nyamazo nthawi zina zimabweretsa pakhomo, likumunamiza mwanayo, ndipo iye amadziwa kuti akunamizidwa. N'chifukwa chake bambo ake a Tadala m'bukuli amadana ndi njovu, ndipo sindinawasandutse munthu woipa. Ali ndi zifukwa zawo. Ku Kasungu nako, chisamutsireni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'midzi yozungulira, mbali ya kuno ndi ya ku Zambia, akhala akudandaula za minda ndi miyoyo yawo. Mwana wa kumeneko akatsegula bukuli ndikufuna apezemo mantha a makolo ake, apezemonso njira zimene ena akuyesa, monga tsabola, ming'oma ya njuchi ndi mipanda yamagetsi.

Nkhani itatha kulembedwanso panabwera vuto la ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wosindikizira umene ndinali nditauzidwa unangolumpha. Amayi a banki mkhonde ya m'mudzi mwathu anandikongoza, ngakhale ena ankadabwa kuti munthu n'kukongola ndalama chifukwa cha buku osati feteleza. Amayi, ngongole yanu ndikuikumbukira ndipo ndibweza pa tsiku lake. Alamu anga a ku Johannesburg anatumiza kangachepe osapemphedwa. Aphunzitsi anzanga anasonkha pa malipiro omwe aja tonse tikuwadziwa. Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Zithunzi zajambulidwa ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa kalekale, yemwe ankajambula njinga ndi magalimoto kumapeto kwa kope la masamu. Taonani njovu yake ya patsamba loyamba, makwinya a pachipumi ndi fumbi la pamsana, mudzavomereza kuti luso lilipo kwathu kuno. Chichewa cha m'bukuli anakonza ndi aphunzitsi ena opuma pa ntchito, amene anawerenga tsamba ndi tsamba ndi cholembera chofiira, osafuna ngakhale tambala. Bambo, zikomo, ndipo mawa musatope.

Mabuku oyamba apita ku sukulu zoyandikana ndi Majete ndi Lengwe, makamaka zimene zili ndi makalabu a zachilengedwe, kenako ena adzapezeka kwa ofuna kugula. Aphunzitsi amene mulandire, chonde musakalitsekere m'kabati ya ahedi kuopa kuti lida. Lide, lipindike, ana apite nalo kunyumba akawerengere agogo awo.

Ndayamba kale lina, la ngaka. Kanyama kameneka kamadya nyerere ndi chiswe, kakaopsezedwa kamangodzipinda, ndipo n'chifukwa chake ozembetsa amangokatola. Lamulo lathu la nyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, limalola chilango chofika zaka 30 kundende, komabe timamvabe pawailesi za anthu ogwidwa nako m'thumba. Ngati kwanu kuli agogo odziwa nyimbo, miyambo kapena zimene makolo ankachita ngaka ikapezeka m'mudzi, ndiuzeni, ndibwera ndi kope langa kudzakhala pansi n'kumvetsera. Zikomo kwambiri nonse.