Pakafiira pa sikirini, chitsulo chathyokadi?

Teremu ino tikuphunzira finite element analysis, njira yomwe mainjiniya amaonera mmene chitsulo kapena konkire zimapanikizikira zikasenza katundu. M'malo mowerengera mtanda wa mlatho wonse kamodzi, umaudula m'tizidutswa tambirimbiri, kompyuta n'kuwerengera momwe kachidutswa kalikonse kakukankhirana ndi kanzake. Dzina la njirayi analitchula koyamba ndi injiniya wa ku America, Ray Clough, mu 1960, ndipo mapulogalamu ngati NASTRAN ndi ANSYS anabwera pambuyo pake.

Chandivutitsa mutu ndi bulaketi wamba, uja wopindika ngati chilembo cha L. Ndinamujambula mu ANSYS, ndikumumanga mbali imodzi, kwinaku n'kumulemetsa. Pangodya yam'kati panafiira psuu, mtundu womwe kompyuta imaonetsera malo opanikizika kwambiri. Nditachepetsa kukula kwa tizidutswa kuti yankho likhale lolondola, nambala ya stress, kupanikizika kuja, m'malo mokhazikika inangokwerabe. Ukachepetsanso, ikweranso. Chifukwa chake n'chakuti ngodya yakuthwa kotheratu, m'masamu, ilibe malire a kupanikizika. Vutolo lili pa chojambula. Ukangoipinda pang'ono ngodyayo kuti ikhale yozungulira, nambala ija imaima.

Loweruka ndinawaonetsa amalume anga, omwe amawotcherera zitsulo pamsika wa Siyaso, ku Mbare mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo pakhomo pawo Chichewa sichinathe. Anayang'ana foni kamphindi n'kuseka. "Mphwanga, bulaketi wotereyu timamuikira kachitsulo kopingasa pangodyapa. Ukapanda kutero amang'aluka pomwepa." Analoza pofiira paja ndi chala chakuda ndi girisi. Malo anawadziwa bwinobwino. Chomwe sanganene n'chakuti ang'aluka akasenza makilogalamu angati, ndipo ntchito yanga iyenera kukhala imeneyo.

Anzanga ena amakhulupirira zithunzi za mitundumitundu zija mopitirira muyeso, poti zimakongoletsa lipoti. Ine sindiyamba kompyuta ndisanalembe papepala yankho longoyerekeza, ndi Young's modulus ya chitsulo, nambala yosonyeza mmene chimakanira kutamuka, pafupifupi 200 GPa. Zikasiyana kwambiri ndi za makina, ndimayamba ndafufuza momwe ndamangira nsonga za mtanda, chifukwa zambiri zimasokonekera pamenepo. Mlatho wa Birchenough pa mtsinje wa Save ku Zimbabwe, womwe pulani yake anajambula ndi injiniya Ralph Freeman, unatsegulidwa mu 1935 ndi uta wotalika mamita 329, kompyuta kulibe.

Ndikamaliza ndikufuna ntchito yoyeza zomangidwa zakale, monga damu la Kariba lomwe linatha mu 1959. Kumeneko funso limakhala lakuti konkire yakalambayi yatsala ndi mphamvu zochuluka bwanji, ndipo nambala zoika m'kompyuta umakazitenga wekha pakhoma ndi chobowolera.