Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kalulu Wamantha

Nthawi yomwe ndinkagwira ntchito yausiku panyumba ina yosamalirako okalamba mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndinkakhala ku Dunfermline, ndipo tsiku lililonse basi inkandiolotsa pa mlatho wa Forth Road Bridge. Mawu a Scott Hutchison ndinawamva koyamba m'khitchini mwa nyumbayo, pamene mnzanga wina ankatsegula nyimbo za gulu lake loimba la Frightened Rabbit pafoni tikutsuka makapu mbandakucha. Poyamba zinkangondisokosa, poti ine ndinakulira nyimbo zakwaya ndi za rege.

Scott anabadwa mu 1981 ndipo anakulira ku Selkirk. Dzina la gululo limatanthauza kalulu wamantha, ndipo ndi momwe amayi ake ankamutchulira ali mwana chifukwa cha manyazi ake. Anaphunzira zojambula ku Glasgow School of Art, nayamba kuimba yekha mu 2003, kenako mng'ono wake Grant anabwera kudzaimba ng'oma. Chimbale chawo cha mu 2008, The Midnight Organ Fight, ndi chimene chinandigwira mtima, chifukwa mmenemo mwamuna wamkulu ankaimba mosabisa za chibwenzi chimene chinatha, za mowa, ndi za maganizo ofuna kufa.

Nthawi imeneyo inenso ndinali kudwala, koma matendawo ndinalibe nawo dzina. Ndinkafika kunyumba m'mawa, n'kutseka makatani, n'kugona chovala yunifolomu osadya kanthu. Ndikaimbira foni amayi kumudzi, ankangoti, "Ukuganiza kwambiri mwanawanga, uzipemphera." Ankanena mwachikondi, ndipo ndinkapempheradi, koma chifuwa chinkalemerabe ngati ndasenza thumba la chimanga.

Pa 9 May 2018 kunamveka kuti Scott wasowa ku South Queensferry, ndipo tsiku lotsatira mtembo wake unapezeka ku Port Edgar, pafupi ndi mlatho womwewo. Anali ndi zaka 36. Tikuoloka pamenepo sabata imeneyo ndinayang'ana madzi pazenera, ndipo ndinalira mpaka mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi anandigwira dzanja osanena kanthu.

Banja lake linakhazikitsa bungwe la Tiny Changes mu 2019 lothandiza ana ndi achinyamata ovutika maganizo. Ine sindinadikire chaka chimenecho. Sabata yomweyo imene Scott anamwalira ndinapita kwa dokotala, ndipo madzulo ake ndinaimbira achemwali anga ku Zomba n'kuwauza kuti, "Achemwali, ndikudwala matenda a maganizo, ndipo lero ndayamba kulandira thandizo."