Lachitatu, tsiku limene mob inadya nthawi ya chimangirizo

Lero Fomu 3 sinaphunzire chimangirizo. Mtsikana wina anabwera ndi nyuzipepala ya mutu wakuti mob justice, kutanthauza khamu la anthu kudzilangira lokha munthu, nkhani ya nkhalamba yomwe anthu anaimenya poiganizira ufiti. Funso lake linali lakuti, nanga bwanji mchimwene wake akamasewera Minecraft, masewero a pa kompyuta, amatchulanso nkhumba ndi mizukwa ya mmenemo kuti mob?

Zonse ziwiri zachokera kumodzi. M'Chilatini munali mawu akuti mobile vulgus, kutanthauza anthu wamba otengeka, osakhazikika maganizo. Angerezi anawadula cha m'ma 1680, n'kutsala mob. Mu 1710 mlembi Jonathan Swift anadandaula m'nyuzipepala ya The Tatler kuti kudula mawu kotere kukuwononga chiyankhulo, koma anthu sanamumvere. Mob ya pa kompyuta ija nayonso ndi chidule cha mobile, kutanthauza choyenda: ndi chinthu chilichonse choyenda chokha m'masewerowo, basi.

Ndinawauzanso za ku America, komwe the Mob ndi magulu a zigawenga ngati la Al Capone ku Chicago, lomwe linalemera pogulitsa mowa nthawi imene unali woletsedwa, kuyambira 1920 mpaka 1933. Za flash mob, anthu opangana kusonkhana mwadzidzidzi pagulu, kuchita kanthu monga kuvina kenako n'kubalalika, ankazidziwa kale pa TikTok, ngakhale sankadziwa kuti zinayamba ku New York mu 2003.

Chimene chinawadabwitsa ndi cha ku Australia. Alimi kumeneko amati mob ya nkhosa, mob ya makangaru. Koma eni dzikolo, Aaborijini, akati my mob ndiye kuti abale awo, mtundu wawo, anthu akwawo. Mlendo akafika amamufunsa kuti mob yake ndi iti, monga ife timafunsirana mfunda kuti tidziwe ngati tikuyankhula ndi Phiri kapena Banda. Mawu omwe anabadwira kunyoza, iwo akuwagwiritsa ntchito pokumbatirana. Mnyamata wina wakumbuyo anakuwa kuti ndiye kalasi yonseyi ndi mob yanga, aphunzitsi. Belu linamupulumutsa.

Masana tili pa tiyi, aphunzitsi anzanga a Histore anandionjezera ina. Pa zipolowe za ku London mu 1780, anthu ataphwanya ndende ya Newgate n'kutulutsa akaidi, pakhoma panapezeka mawu onena kuti awamasula mwa lamulo la King Mob, ndiye kuti Mfumu Mob. A Histore akuti liwu lakuti mob ndi chida cha olamulira: khamu likamawaombera m'manja amalitcha anthu, likayamba kufunsa za mitengo ya chimanga lasanduka mob.

Ndinavomera theka lokha. Zoonadi, ochita zionetsero mwamtendere amapakidwa dzinali kuti apolisi apeze poyambira. Koma amene anazungulira gogo uja ndi miyala sindingawapezere dzina lofewa. Chondiwawa pa mutu wa nyuzipepala ija ndi liwu lachiwirilo, justice, chilungamo, chifukwa palibe anamufunsa gogoyo mbali yake. A Histore anangoti tidzapitiriza Lachisanu, n'kutenga choko chawo.