Nditangosiya maperesenti zonse zinamveka

Abale, lero mtima wanga wakhala pansi. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi asayimenti yofotokozera anthu wamba data ya zaumoyo, ndimangosinthasintha magirafu, lero pie chart mawa bar chart, koma aliyense yemwe ndimamuonetsa amangoti "eya" kenako ndikamufunsa kuti wamvapo chiyani, zii. 

Chomwe chanditsegula mutu ndi nkhani ya ku UK ya mu 1995. Komiti yoona za chitetezo cha mankhwala inachenjeza kuti mapiritsi ena atsopano olerera akuchulukitsa kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Kawiri, 100 peresenti! Amayi ambiri anachita mantha nkusiya kumwa, mimba zosakonzekera zinachuluka. Koma manambala ake enieni, momwe amafotokozera Gerd Gigerenzer, katswiri wa ku Germany wa za kaganizidwe ka anthu, anali oti mwa amayi 7,000 omwa mapiritsi akale mmodzi ndi amene magazi ankaundana, pa atsopanowa anali awiri. Mmodzi kufika awiri mwa 7,000. Komitiyo sinaname ayi, koma mayi akamva "kawiri" amaona imfa pakhomo, pamene akamva "awiri mwa 7,000" amatha kukhala pansi nkuganiza bwino. Vuto langa silinali girafu, ndimapatsa anthu peresenti osawauza kuti ndi peresenti ya anthu angati.

Ndiye pano ndikumajambula tianthu 100, nkupaka mtundu tomwe takhudzidwa, basi. Munthu amawerenga ndi chala, amadziona ali pakati pa tianthuto. Kwa ine palibe njira yoposa imeneyi, ndikanakhala ndi mphamvu lipoti lililonse la boma likanamatuluka chonchi.

Chikundiwawa nchoti aphunzitsi athu semesita yonse akhala akutiphunzitsa kudina mabatani mu Excel ndi kusankha mitundu, za momwe munthu amamvera nambala anangodutsapo mphindi zochepa, ndiye dedilayini ili pafupi ndikuyambiranso zonse.

Pali pomwe ndakakamira komabe. Chiopsezo chikakhala cha 1 mwa 7,000 ndijambula tianthu 7,000 pafoni? Nanga zinthu ngati kukwera mitengo kwa katundu kapena kutentha kwa dziko, zomwe suzingawerenge ngati anthu, ndizionetsa bwanji? Mwina penapake peresenti ibwererabe, ndikuganizabe...