Tiulusi ndi tiziphuphu pa zosindikiza za pulinta ya 3D: yambani mwaumitsa filament

Munthu akachotsa chinthu pa bedi ya pulinta n'kupeza tiulusi tayala pakati pa nsanamira ziwiri ngati ukonde wa kangaude, amathamangira kutsegula Cura, pulogalamu yokonzera chinthu chisanasindikizidwe (slicer), kuti akakweze retraction, kuja kobweza pulasitiki m'mbuyo pang'ono makina akamadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena. Kwa ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumeneko n'kuyambira kumchira. Woyamba kumukayikira kuno ndi chinyezi.

Mvula ikayamba mu Novembala imatifikitsa mu Epulo, ndipo ikangoti yatha, chiperoni chimalowa m'malo kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, phiri osaoneka, zovala pachingwe osauma. Filament, chingwe cha pulasitiki chimene pulinta imasungunula, ikangokhala pamtunda imayamwa chinyezi chimenechi pang'onopang'ono. Mwa mitundu ya filament, PLA imayamwa pang'ono, PETG imaposa, TPU ndi nylon ndiye zimachita kumwa. Madzi amenewa akafika mu nozzle, kamlomo kotulukira pulasitiki, momwe mukutentha madigiri 200, amasanduka nthunzi. Nthunziyo imakankha pulasitiki kuti azituluka ngakhale pamene makina asiya kukankha, n'chifukwa chake tiulusi sititha ngakhale mukweze retraction mpaka pati. Ikaphulika pakamwa pa nozzle imasiya timaenje ndi khungu lokhakhala.

Kuyesa kwake sikuvuta. Kwezani nozzle m'mwamba, itenthetseni, mutulutse mamilimita 50 a filament, khutu lili pafupi. Youma imatsika mwakachetechete, yosalala. Yonyowa imathetheka ngati chimanga pachiwaya, ndipo chingwe chotulukacho chimakhala ndi timathovu. PLA yonyowa imathyokanso msanga mukangoipinda.

PLA iumitseni pa madigiri 45 mpaka 50 kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, PETG pa 60 mpaka 65 kwa nthawi ngati yomweyo. Uvuni wa kukhitchini musaukhulupirire: kutentha kwake kumakwera n'kutsika, pamene PLA imayamba kufewa cha pa madigiri 60, ndiye mungapeze spool yonse, mpukutu wa filament uja, yamatana. Ngati mulibe makina oumitsira, bedi ya pulintayo ikuthandizani. Goneketsani spool pa bedi, vindikirani ndi katoni yoboola timabowo tingapo pamwamba kuti nthunzi izituluka, ndipo pakati pa nthawiyo muitembenuze. Ikauma, ilowe m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi silica gel wambiri, timikanda toyamwa chinyezi tija. Timapaketi tiwiri ta m'bokosi la nsapato sitikwanira, mpunganso suthandiza, usungireni chakudya cha Lamlungu. Spool ikagona usiku uliwonse pa pulinta m'nyengo ya chiperoni, ntchito youmitsa ija yapita pachabe.

Filament ikauma tiulusi n'kukhalapobe, onani kutentha. Amene anadyapo nsima ya therere akudziwa: ukanyamula mbamu, kaulusi kamatsatira kuchokera m'mbale. Pulasitiki wotentha mopitirira amachita chimodzimodzi nozzle ikamadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena. Sindikizani temperature tower, kansanja koyesera kutentha, ya PLA kuyambira 220 kutsika mpaka 190, ya PETG kuyambira 250 mpaka 230, mukutsitsa madigiri asanu pa chigawo chilichonse. Musasankhe ndi maso okha. Ithyoleni ndi manja, mutenge chigawo chozizira kwambiri chimene mizere yake ikugwiranabe zolimba. Mukamva extruder, chipangizo chokankha filament, ikugogoda, mwatsitsa kwambiri. Nambala yolembedwa pa spool ndi poyambira chabe, chifukwa ngakhale mitundu iwiri ya kampani imodzi imatha kusiyana.

Tsopano ndiye retraction. Ambiri amaganiza kuti imayamwa pulasitiki wosungunuka kubwerera m'mwamba, koma ntchito yake yeniyeni ndi kuchotsa mphamvu imene ikukankha kumbuyo. Pulinta za Bowden, monga Ender 3, zomwe filament imadutsa m'kapaipi kaatali ka PTFE, zimafuna mamilimita 4 mpaka 6. Za direct drive, zomwe extruder imakhala pamwamba penipeni pa nozzle, zimangofuna theka la milimita mpaka imodzi ndi theka. Liwiro likhale pakati pa mamilimita 25 ndi 45 pa sekondi. Sindikizani kanthu ka nsanamira ziwiri, muzisintha theka la milimita lokha paulendo uliwonse, ndipo muzilemba nambala pansi pake ndi maka. Kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi ndiko kumachititsa anthu kutha sabata osadziwa chimene chathandiza. Kupyola muyezo nakonso kuli ndi mtengo wake: filament yofewa imakokedwa kufika kozizira, n'kuuma komweko, nozzle n'kutsekeka chinthu chisanathe, kapena giya ya extruder n'kuikukuta mpaka kusiya fumbi.

Liwiro loyenda osatulutsa pulasitiki likwezeni lifike mamilimita 150 pa sekondi kapena kuposa, kuti nozzle isapeze mpata wodontha. Z Hop, yokweza nozzle pang'ono podumpha, izimitseni ngati palibe chimene nozzle ikugunda, chifukwa imawonjezera tiulusi. Combing, yoyendetsa nozzle mkati mwa chinthucho podumpha, muiike pa Not in Skin.

Pa Bowden pali kachinthu kamene slicer singakonze. Lembani kamzere ndi maka pa kapaipi ka PTFE pamene kakulowa mu coupler, kachipangizo kogwira kapaipiko, n'kukayang'ana pulinta ikugwira ntchito. Kamzereko kakamalowa n'kutuluka, mano a coupler atha, ndipo mbali ya retraction yanu ikuthera pamenepo. Sinthani coupler, muikenso kakilipu kake. Kumunsi, kapaipiko kayenera kukhudza nozzle osasiya mpata. Kaduleni mowongoka ndi lumo lakuthwa, tenthetsani hotend (mbali yosungunula pulasitiki), masulani nozzle pang'ono osakwanitsa kuzungulira kamodzi, kankhani kapaipi mpaka kafike, kenako mangani nozzle ikadali yotentha. Mpata ukatsala, pulasitiki amadzaza mmenemo n'kumapsa. Pulasitiki wina amatulukira pa mazinga a nozzle yosamangidwa bwino, n'kumagwetsa timadontho tabulawuni pa chinthu choyera. PETG nayo imakonda kukanirira kunja kwa nozzle, choncho ipukuteni ndi burashi ya mkuwa musanayambe.

Tiziphuphu ta pakhoma timanena tokha komwe tachokera, bola kutiyang'anitsitsa. Tikandandalika mumzere umodzi kuchokera pansi kufika pamwamba, umenewo ndi msoko, pamene mzere uliwonse umayambira ndi kuthera. Msoko sutha, umangobisidwa. Mu Cura ikani Z Seam Alignment pa Sharpest Corner, kapena muusankhire nokha kumbuyo kwa chinthucho. Random ndimaikana, chifukwa imangomwaza tiziphuphu thupi lonse ngati nthomba. Wipe (kupukuta nozzle kumapeto kwa mzere) ndi coasting yochepa (kusiya kukankha mzere usanathe) zimachepetsa msoko, koma mankhwala enieni ndi linear advance ya Marlin kapena pressure advance ya Klipper, mapulogalamu oyendetsa pulinta, ngati bodi yanu ikulola.

Pali china chimene chimatikhudza ife amene magetsi amatithawa kawirikawiri. Pulinta zambiri zili ndi power loss recovery, yomwe imalemba pa SD card pamene ntchito yafika kuti magetsi akabwera ipitirize. Pa makina ena, makamaka khadi ikakhala yochedwa, mutu wa pulinta umaima kakanthawi polemba, nozzle n'kudontha pamalopo. Mukauona ukuima pang'ono poyamba mzere watsopano, yesani khadi ina yabwino. Apo ayi, ikani M413 S0 mu start G-code, malamulo oyamba amene slicer imapatsa pulinta, kuti muzimitse power loss recovery. Koma werengani kaye: mukaizimitsa, magetsi n'kuzima pa ola lachisanu ndi chiwiri la ntchito ya maola asanu ndi atatu, mwataya zonse. Amene ali ndi UPS kapena inverter azimitse power loss recovery. Amene alibe, pa ntchito zazitali ndi bwino kupirira tiziphuphu n'kudzapala ndi sandpaper.

Khoma lonse likaoneka lonenepa, pamwamba pali timizere totukuka, pulinta ikutulutsa pulasitiki wochuluka. Yezani mamilimita 120 pa filament kuchokera pakhomo la extruder, ikani chizindikiro, uzani makina akoke 100. Payenera kutsala 20. Pakatsala 15 ndiye kuti yakoka 105. Tengani E-steps yakale (masitepe amene mota ya extruder imayenda kuti ikoke milimita imodzi), yomwe pa Ender 3 yosasinthidwa ndi 93, muchulukitse ndi 100, mugawe ndi 105, mupeza 88.6. Lembani M92 E88.6, kenako M500 kuti isungike. Pokhapokha izi zitalondola ndi pomwe mungakhudze flow, muyezo wa kuchuluka kwa pulasitiki mu slicer. Nozzle ya mkuwa ya 0.4 nayo imatha, bowo limakula, ndipo ndi yotchipa kuposa spool imene mungawononge poyesayesa.

Timafunde tobwerezabwereza pafupi ndi ngodya kapena zilembo si nkhani ya pulasitiki ayi, ndi kugwedezeka. Kungani malamba a X ndi Y, tsitsani acceleration (changu chimene makina amakwezera liwiro), ndipo pulinta ichoke pa tebulo logwedera. Mizere yopingasa yobwera motalikirana mofanana imachokera ku lead screw, chitsulo cha mazinga choyendetsa makina m'mwamba ndi pansi, ikapindika kapena ikada. Yobwera mwachisawawa nthawi zambiri ndi kutentha kosakhazikika: tsekani zenera lolowetsa mphepo yozizira ya chiperoni, muone ngati sokosi ya silicone ili pa heater block, kachitsulo kotenthetsa nozzle, ndipo muchite PID tuning, yokhazikitsa kutentha, ndi M303.

PETG, ngakhale mutachita zonsezi, imasiyabe titsitsi tochepa. Timeneto musavutike nato mu slicer. Tokhuthala tidulani ndi lumo, totsalato mutiuzire mpweya wotentha wa heat gun muli chapatali kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, dzanja likuyenda. Pa PLA musaime pamalo amodzi, khoma lopyapyala limapindika nthawi yomweyo.