Loweruka ku Kremlin

Lero kunazizira kodetsa nkhawa, koma mnzanga wa m'kalasi anandikakamiza kuti tipite ku Kremlin, linga lakale la mafumu a Russia pakati pa mzinda wa Moscow, tikaone mzinga wotchuka uja, chimfuti chakale chotchedwa Tsar Pushka. Titadutsa pachipata pomwe apolisi amasecha zikwama, tinalunjika ku bwalo la Ivanovskaya.

Chimzingacho n'chachikulu zedi. Anachiumba ndi mkuwa m'chaka cha 1586 kuno ku Moscow, ndipo mmisiri wake anali Andrey Chokhov. Nthawiyo ankalamulira Russia ndi mfumu Fyodor, mwana wa mfumu Ivan the Terrible, ndipo chithunzi cha Fyodoryo atakwera hatchi chili pamzingapo, chakufupi ndi kukamwa. Kulemera kwake ndi matani pafupifupi 40, kutalika mamita 5.34, pomwe kukamwa kwakeko ndi masentimita 89. Munthu wamkulu akhoza kukwawiramo.

Alendo ambiri amathamangira kujambulitsa pa zipolopolo zachitsulo zimene zaunjikidwa patsogolo pake. Chonsecho zipolopolozo n'zokongoletsera chabe, sizinawomberedwepo. Ngolo yachitsulo imene mzingawo wakhalapo, ya nkhope ya mkango ija, nayonso ndi ya m'ma 1830, yopangidwa ku St Petersburg patadutsa zaka pafupifupi 250. Akanati awombere uli pangolopo, ngoloyo ikanaphwasuka. Mzinga wamtunduwu unkayenera kulavula miyala.

Kunkhondo sunapiteko. Kwa nthawi yaitali unali pa Red Square, bwalo lalikulu lija lili kunja kwa mpanda wa Kremlin, ndipo ine ndikuganiza kuti ntchito yake yeniyeni inali yomweyo, kuti akazembe ndi amalonda ochokera kunja akauona azinong'onezana kuti dziko ili si losewera nalo. Mnzangayo sanagwirizane nazo. Akuti mu 1980 anautengera ku mzinda wa Serpukhov kukaukonza, ndipo akatswiri atausuzumira m'kati anati zikuoneka kuti unawomberedwapo. Ndinamuyankha kuti kuyesa mfuti kamodzi si kumenya nkhondo. Tinatsutsana mpaka zala kuuma.

Chapafupi pomwepo pali belu lalikulu, Tsar Kolokol, lomwe linang'aluka pa moto wa mu 1737 lisanalire n'kamodzi komwe. Chibenthu chake chili pansi, ana akuchisisita. Sitinakhalitsepo.

Pobwerera tinalowa m'sitolo ina kumwa tiyi, wodula ngati wathiridwa golide. Mawa ndichape zovala n'kuwerenga, mayeso ali Lachiwiri.