Kukaona Siteshoni ya Beverly Shores pa Njanji ya South Shore

Ndinakwera sitima ya South Shore Line pa Millennium Station mumzinda wa Chicago m'mawa wa Loweruka, ndipo cholinga changa chinali kukaona kanyumba kamodzi ka m'mbali mwa njanji m'chigawo cha Indiana. Sitimayi imayendera magetsi ochokera pa waya wa pamwamba, ndipo ndi imodzi mwa zochepa zimene zatsala pa mtundu wa sitima zotchedwa interurban, zomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zinkalumikiza matauni ndi midzi ya alimi ku America. Zinali zopepuka kuposa sitima zamalasha, zinkadutsa pafupipafupi, ndipo zinkaima ngakhale pa mphambano ya kumunda kuti zinyamule munthu kapena zitini za mkaka.

Titadutsa mafakitale a zitsulo a ku Gary, malo anasintha n'kukhala nkhalango ndi milu ya mchenga ya m'mphepete mwa nyanja ya Michigan. Apo ndi pamene ndinatsikira, pa Beverly Shores.

Siteshoniyi inamangidwa mu 1929, patapita zaka zinayi kuchokera pamene Samuel Insull, mwini makampani a magetsi, anagula njanjiyi itatsala pang'ono kugwa. Anajambula pulani yake ndi katswiri wa mapulani a nyumba Arthur Gerber, motsanzira nyumba za ku Spain: makoma opaka pulasitala, denga la matailosi ofiira, ndi chikwangwani cha neon cholemba dzina la tauniyi m'malembo opendekera. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chakuti mbali ina ya nyumbayi inali pakhomo pa wogulitsa matikiti, kotero kuti munthu ameneyo ankagona ndi kudzuka akumva kulira kwa njanji. Lero m'katimo muli malo osungirako mbiri ya tauniyi ndi oonetserako zojambula, ndipo boma linaika nyumbayi pa mndandanda wa malo osungidwa a mbiri yakale mu 1989. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana mazenera ndi zitseko zake, ndipo sitima ziwiri zinadutsa ndili pomwepo.

Nyumba zambiri za mtundu umenewu sizinachite mwayi. Galimoto zitachuluka ndi misewu itaikidwa phula, anthu anazisiya sitimazi, ndipo mavuto a zachuma a m'ma 1930 anamaliza makampani ambiri. North Shore Line, njanji ina ya interurban yomwenso inali m'manja mwa Insull, inatsekedwa mu 1963, ndipo patapita zaka, siteshoni yaikulu ya sitima za interurban ya ku Indianapolis, yomwe inamangidwa mu 1904, inagumulidwa yonse.

Masana ndinapitirira ku Michigan City, kumene mpaka mu 2022 sitima inkayenda pakati pa msewu wa 11th Street limodzi ndi galimoto. Ndikumvetsa kuti njanji ziwiri zimene anaika m'malo mwa imodzi yakale ya mumsewu ija zafupikitsa ulendo wa anthu opita kuntchito, komabe zinandiwawa kuti ndinafika mochedwa kuti ndione zimenezo ndi maso anga. Chomwe ndinapeza ndi khoma lakutsogolo la siteshoni ya mu 1927, lomwe analisunga n'kulimanganso pa nyumba yatsopano.